Mmene Limba Lamagetsi ndi Kompyuta ya Panyumba Zidayambira Kumvana

M'mwezi wa Januwale m'chaka cha 1983, mumzinda wa Anaheim m'chigawo cha California ku America, opanga ndi ogulitsa zoimbira adasonkhana pa chionetsero chawo cha chaka ndi chaka chotchedwa NAMM. Pakati pa phokoso la magitala ndi ng'oma, kagulu ka amisiri kadaunjirira malimba awiri amagetsi. Limodzi, lotchedwa Prophet-600, lidapangidwa ndi kampani ya Sequential Circuits ya ku America komweko, pamene linalo, lotchedwa Jupiter-6, lidachokera ku kampani ya Roland ya ku Japan. Amisiri aja adatenga chingwe nalumikiza malimba awiriwo, ndipo munthu atadina makiyi a limba limodzi, linzake lija lidalira nalo pamodzi popanda wolikhudza.

Kwa munthu wongodutsa, zimenezi zikadaoneka ngati masewera. Koma akatswiri amene adaimirira pamenepo adadziwa kuti aona chachilendo, pakuti makina a makampani awiri olimbirana msika, ochokera m'maiko awiri otalikirana, adamvana chinenero. Chinenerocho chimatchedwa MIDI. Nkhani ya lero ikulongosola chiyambi chake, ndi mmene chidasandutsira kompyuta yotsika mtengo, imene makolo ankagulira ana kuti azisewerera, kukhala chida chopekera ndi kukonzera nyimbo. Pansi pa nkhani ya nthambo ndi magetsiyi pagona funso lokhudza woimba aliyense: kodi mwayi wojambula nyimbo ukhale wa olemera okha, kapena ufikenso kwa munthu wamba?

Nthawi ya kusamvana

Limba lamagetsi lotchedwa synthesizer lilibe nsambo ngati gitala, ndiponso lilibe mvukuto ngati limba lakale la m'tchalitchi lopopa ndi mapazi lija. Mawu ake amapangidwa ndi magetsi enieniwo ponjenjemera m'kati mwa makinawo. Mmodzi mwa amisiri amene adalitchukitsa ndi Bambo Robert Moog a ku New York, amene adaonetsa makina awo oyamba m'chaka cha 1964. Pofuna kuuza makinawo liwu loti alize, iwo ankagwiritsa ntchito kukula kwa mphamvu ya magetsi yoyenda m'nthambo. Kuonjezera volt imodzi kunkakweza liwu kuchoka pa do kukafika pa do wina wapamwamba pake. Koma makampani a Korg ndi Yamaha a ku Japan adatsata lamulo lina pa malimba awo ambiri, lakuti pofuna kukweza liwu motero, mphamvuyo iyenera kuwirikizidwa kawiri. Motero woimba akalumikiza limba la kampani imodzi ndi la kampani ina, nyimbo inkatuluka yosokonekera, ngati kwaya imene aliyense watenga do wakewake. Kuonjezera apo, nthambo imodzi inkanyamula liwu limodzi lokha pa nthawi imodzi.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1978, pamene Bambo Dave Smith, mwini wa Sequential Circuits, adatulutsa limba lotchedwa Prophet-5. M'kati mwake mudali kaubongo kamagetsi kotchedwa microprocessor, kamene kankalithandiza kuliza mawu asanu pamodzi ndi kukumbukira kamvekedwe kamene woimba wakonza. Makampani ena adatsatira, ndipo posakhalitsa malimba ambiri adakhala ndi kaubongo kotere, kotha kutumiza ndi kulandira manambala. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Kampani iliyonse idapeka chinenero chakechake: Roland idali ndi njira yake yotchedwa DCB, pamene Oberheim ya ku America idali ndi ina yolumikizira limba lake, makina ake a ng'oma ndi makina ake osunga manotsi. Wogula chida chimodzi ankamangika pa kampani imeneyo, ngati mlimi wa ngongole amene sangagulitse zokolola zake kwina.

Amene ankafuna limba ndi kompyuta m'thupi limodzi ankayenera kukhala ndi thumba lolemera. Makina otchedwa Fairlight, amene Bambo Peter Vogel ndi Bambo Kim Ryrie adayamba kugulitsa mumzinda wa Sydney ku Australia m'chaka cha 1979, mtengo wake unkalingana ndi wa nyumba yokhalamo ku Britain. Oimba otchuka okha ndi masitudiyo aakulu ndiwo ankakwanitsa.

Pa nthawi yomweyo kompyuta idali itayamba kulowa m'nyumba za anthu. M'chaka cha 1977 kudatuluka Apple II, Commodore PET ndi TRS-80. Amisiri ena adayesa kumangirira makiyi a limba pa Apple II, monga adachitira opanga alphaSyntauri m'chaka cha 1980, koma chipangizo chilichonse chinkamvana ndi pulogalamu yake yokha. Kompyuta ndi limba zidali ngati anthu oyandikana nyumba amene amangokodolana ndi manja chifukwa chosadziwana chilankhulo.

Amisiri awiri, wa ku Osaka ndi wa ku California

Bambo Ikutaro Kakehashi adabadwira ku Osaka m'chaka cha 1930. Makolo awo adamwalira iwo ali khanda, ndipo ali mnyamata adatsegula kasitolo kokonzera mawotchi, kenaka nadwala chifuwa chachikulu kwa zaka zingapo. Atachira adayamba kukonza mawailesi ndi kupanga zoimbira zamagetsi, mpaka m'chaka cha 1972 adakhazikitsa kampani ya Roland. Iwo adaona kuti kusamvana kwa makina kunkafooketsa msika wonse, popeza munthu amazengereza kugula chida chimene mawa chidzakhala chopanda mnzake. M'chaka cha 1981 adakambirana nkhaniyi ndi Bambo Tom Oberheim, ndipo kudzera mwa iwo mawu adafika kwa a Smith, amene nawonso ankalingalira zomwezo.

Mu Okotobala chaka chomwecho, pa msonkhano wa bungwe la Audio Engineering Society ku New York, a Smith ndi mnzawo wa pantchito, Bambo Chet Wood, adapereka chikalata cholongosola njira imodzi yolumikizira malimba onse. Mu Januwale 1982 makampani adakumana ku Anaheim kuti akambirane, koma ambiri a ku America sadagwirizane nazo. Ena ankati njirayo ndi yochedwa, ena ankaopa kuti ikweza mtengo wa katundu wawo, enanso sadafune kutsegulira adani awo khomo. Otsala adali Sequential Circuits ndi makampani anayi a ku Japan: Roland, Yamaha, Korg ndi Kawai. Asanuwa adapitiriza kulemberana ndi kukonza malamulo ake, natcha njirayo Musical Instrument Digital Interface, dzina limene mwachidule ndi MIDI, kutanthauza njira yolumikizira zoimbira pogwiritsa ntchito manambala.

Prophet-600 idayamba kugulitsidwa mu Disembala 1982, chionetsero cha ku Anaheim chija chidatsatira patapita mwezi umodzi, ndipo mu Ogasiti 1983 malamulo a MIDI adasindikizidwa. Chachikulu koposa n'chakuti eni ake sadaike mtengo pa malamulowo. Aliyense, kaya kampani yaikulu kaya mwana wa sukulu wodziwa kulumikiza nthambo, adali ndi ufulu wopanga chida cholankhula MIDI popanda kulipira msonkho kwa oipeka. Chaka chomwecho Yamaha idatulutsa limba lotchedwa DX7, limene lidagulitsidwa oposa 150,000, ndipo lililonse lidali ndi masoketi a MIDI kumbuyo kwake. Ataona zimenezi, makampani okana aja adalowa m'gululo mmodzimmodzi.

Chimene chimayenda m'chingwe

Omvera amene adaimbapo m'kwaya amadziwa pepala la solfa. Pepalalo silitulutsa mawu, koma limauza woimba kuti ayambe pati, akweze pati, agwire liwu kwa nthawi yaitali bwanji. Chingwe cha MIDI chimagwira ntchito yofanana ndi ya pepala limenelo. M'kati mwake simuyenda nyimbo yomveka ndi khutu. Mumayenda malangizo olembedwa m'manambala. Woimba akadina kiyi, limba limatumiza uthenga wa magawo atatu. Gawo loyamba limanena kuti liwu layambika ndiponso kuti uthengawo ukupita pa njira iti. Lachiwiri limatchula kiyi amene wadinidwa, pakuti kiyi aliyense ali ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 127, ndipo do wa pakati pa limba ndi nambala 60. Lachitatu limanena mphamvu imene chala chagwera, nayonso yoyezedwa mpaka 127. Chala chikachoka, uthenga wina umapita wonena kuti liwulo lithe.

Chingwe chimodzi chimanyamula njira 16. Chotero limba limodzi likhoza kuuzidwa kuti lizimvera njira yoyamba yokha, lina yachiwiri, makina a ng'oma yakhumi, ndipo chida chilichonse chimangotola mauthenga ake n'kusiya a zinzake, monga mmene kalata za mudzi wonse zimabwerera m'thumba limodzi koma aliyense n'kutenga yolembedwa dzina lake. Kumbuyo kwa limba kumakhala masoketi ozungulira a timabowo tisanu: lolembedwa IN ndi lolandirira, lolembedwa OUT ndi lotumizira, ndipo lolembedwa THRU limangopatsira chida chotsatira zimene zalandiridwa. Malamulo amati chingwecho chisapitirire mamita 15.

Liwiro lake ndi timagawo ta uthenga 31,250 pa sekondi imodzi, ndiye kuti manotsi opitirira pang'ono 1,000. Nambala yachilendoyi imapezeka pogawa 1,000,000 ndi 32, ndipo idasankhidwa chifukwa idali yosavuta kuipeza kuchokera ku timawotchi ta m'kati mwa makina a nthawi imeneyo. Amisiri adaikanso nzeru ina pa soketi yolandirira: uthenga ukafika umayatsa kanyali kakang'ono kobisika, ndipo kadiso kamagetsi kamawerenga kuthwanima kwake. Motero magetsi a chida chimodzi sakhudzana ndi a chinzake, zimene zimaletsa phokoso long'ung'uza lija limene limavuta pa zokuzira mawu.

Apa ndi pamene padagona mwayi wa kompyuta ya panyumba. Kusunga mawu enieni kumadya malo ambiri. Nkhokwe yonse ya kompyuta ya makilobaiti 64 sikadakwanitsa kusunga ngakhale theka la sekondi ya nyimbo yomveka bwino ngati ya pa CD. Koma malangizo ndi opepuka, ndipo nkhokwe yomweyo inkatha kusunga manotsi zikwi zingapo, okwanira nyimbo yathunthu. Kompyutayo sinkafunika kudziwa kuimba. Inkangofunika kukumbukira ndi kusunga nthawi, ntchito ziwiri zimene makina amazichita mosatopa.

Kompyuta ilowa m'bwalo

Commodore 64 idatuluka mu Ogasiti 1982 pa mtengo wa madola 595, ndipo mtengowo udatsika msanga. Idagulitsidwa yoposa 12 miliyoni, chiwerengero chimene kompyuta ina ya mtundu umodzi ya nthawiyo sidafikepo. Eni ake ankailumikiza ku wailesi ya kanema ya m'nyumba, ndipo ambiri ankasunga mapulogalamu pa makaseti wamba. M'kati mwake mudali kachipangizo ka mawu kotchedwa SID, kamene adakonza Bambo Bob Yannes, kotha kuliza mawu atatu pamodzi. Soketi ya MIDI idalibe, koma kumbuyo kwake kudali polowetsa kabokosi ka masewera. Makampani monga Sequential Circuits ndi Passport Designs adapanga timabokosi tolowa pamenepo, tokhala ndi masoketi a MIDI ndi kachipangizo komasulira manambala a kompyuta kukhala mauthenga a m'chingwe.

Mumzinda wa Hamburg ku Germany, Bambo Karl Steinberg, katswiri wa m'situdiyo, ndi Bambo Manfred Rürup, woimba limba, adakhazikitsa kampani m'chaka cha 1984 natulutsa pulogalamu ya Commodore 64 yotchedwa Pro-16. Woimba ankatha kuyamba ndi ng'oma, kompyuta n'kusunga. Kenaka ankaonjezera besi uku akumvera ng'oma zija, n'kubwerezanso motero mpaka mizere 16. Akaphonya noti imodzi, ankaikonza yokhayo osayambiranso nyimbo yonse. Ankathanso kuchedwetsa nyimbo poilowetsa, n'kuifulumizitsa poimvera, popanda mawu kusintha monga amachitira pa tepi. Mapulogalamu otere amatchedwa sequencer. Mumzinda womwewo Bambo Gerhard Lengeling adalemba ina yotchedwa Supertrack, ndipo ku America Bambo Emile Tobenfeld adalemba yawo pansi pa dzina la Dr. T's.

Makompyuta ena sadatsalire. Ku Britain, bungwe la BBC lidapereka dzina lake ku kompyuta yophunzitsira ya BBC Micro, yopangidwa ndi kampani ya Acorn m'chaka cha 1981, ndipo Bambo Vince Clarke a gulu la Erasure adaigwiritsa ntchito pamodzi ndi chipangizo chotchedwa UMI pokonza nyimbo zawo. ZX Spectrum 128, imene idafika m'masitolo a ku Britain m'chaka cha 1986, inkatha kutumiza mauthenga a MIDI ngakhale sinkatha kuwalandira popanda chipangizo choonjezera. Yamaha idagulitsa CX5M m'chaka cha 1984, kompyuta yokhala ndi limba m'kati mwake. Chaka chomwecho Roland idatulutsa bokosi lotchedwa MPU-401, limene lidakhala muyezo wolumikizira MIDI pa makompyuta a mtundu wa IBM.

Masiku oyambawo adali ndi zovuta zake. Makampani ena ankamasulira malamulo mosiyana, moti noti inkatha kumangolira osaleka chifukwa uthenga woithetsa wasochera. DX7 yoyamba inkatumiza pa njira yoyamba yokha, ndipo makiyi ake sankafikitsa mphamvu pa 127. Chifukwa cha zotere, m'chaka cha 1985 opanga zidazi adakhazikitsa bungwe la MIDI Manufacturers Association loyang'anira malamulowo.

Atari ST

Munthu amene adachotsa chopinga chomaliza sadali woimba konse. Bambo Jack Tramiel adabadwira ku Łódź m'dziko la Poland m'chaka cha 1928, napulumuka ku ndende ya Auschwitz pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atasamukira ku America adayamba ndi kukonza mataipi, kenaka nakhazikitsa Commodore. Ankakonda kunena kuti makompyuta ayenera kupangidwira anthu wamba. Mu Januwale 1984 adachoka ku Commodore atasemphana ndi akuluakulu anzawo, ndipo mu Julayi adagula gawo la kampani ya Atari. Amisiri awo, motsogozedwa ndi Bambo Shiraz Shivji, adakonza kompyuta yatsopano m'miyezi yochepa, ndipo idaonetsedwa ku Las Vegas mu Januwale 1985.

Atari 520ST idali ndi nkhokwe ya makilobaiti 512, kuposa ya Commodore 64 kasanu ndi katatu, ndipo inkagulitsidwa madola 799 pamodzi ndi sikirini yosonyeza zoyera ndi zakuda. Koma chimene chidakopa oimba ndi masoketi awiri a MIDI amene adabwera ali omangidwiratu pa kompyutayo. Kuwaika kudali kotsika mtengo kwa kampani, koma kwa woimba kudatanthauza kuti chingwe chokha ndi chokwanira. Sikirini yake inkaonetsa manotsi mooneka bwino, ndipo popeza kompyutayo inkagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi, inkasunga nthawi ya nyimbo mosaphonya, khalidwe limene oimba amaitamira mpaka lero.

Olemba mapulogalamu a ku Hamburg aja adasamukira pa makina atsopanowa. Steinberg idatulutsa Pro-24 m'chaka cha 1986 ndi Cubase m'chaka cha 1989. Cubase inkaonetsa nyimbo ngati mizere yoyala kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo woimba ankatha kunyamula chigawo chimodzi n'kuchiika pena, kapena kuchibwereza, monga momwe womanga amasanjira njerwa. Kampani ya C-Lab idatulutsa Creator m'chaka cha 1987 ndi Notator m'chaka cha 1988, yomwe inkathanso kusindikiza manotsi pa pepala. A Lengeling ndi anzawo adadzakhazikitsa Emagic natulutsa Logic, imene Apple idagula m'chaka cha 2002. Cubase ndi Logic zikugwirabe ntchito m'masitudiyo a lero.

Oimba otchuka monga a Jean-Michel Jarre, a Mike Oldfield ndi gulu la Tangerine Dream adagwiritsa ntchito Atari ST. Koma umboni weniweni wa kusinthako udachokera kwa osatchuka. Mu Januwale 1997 nyimbo yotchedwa Your Woman idafika pa nambala yoyamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Mwini wake, Bambo Jyoti Mishra, odziwika ndi dzina la White Town, adaikonza okha m'chipinda cha kunyumba kwawo ndi Atari ST pamodzi ndi makina ojambulira pa kaseti. Bambo Norman Cook, odziwika kuti Fatboy Slim, adakonza chimbale chawo cha m'chaka cha 1998 pa kompyuta yomweyi, patapita zaka zisanu chilekereni kupangidwa.

Walira mvula walira matope

Sikuti onse adakondwera. M'chaka cha 1982, MIDI isadafale n'komwe, nthambi ya pakati pa mzinda wa London ya bungwe la oimba la Musicians' Union idavomereza ganizo lofuna kuletsa malimba amagetsi ndi makina a ng'oma, poopa kuti oimba zeze wa Chizungu, malipenga ndi ng'oma adzasowa ntchito. Chiletsocho sichidachitike, koma mantha awo adali ndi maziko. Munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta ndi malimba awiri ankatha kukonza nyimbo ya malonda a pa wailesi imene kale inkafuna oimba khumi, ndipo ambiri amene ankadya za m'masitudiyo adaona ntchito ikuchepa. Chida chomwecho chimene chidatsegulira wosauka khomo chidalanda ena mkate pakamwa.

Padalinso dandaulo lokhudza nyimbo yeniyeniyo. Mapulogalamu aja ankatha kukokera noti iliyonse pa nthawi yake yeniyeni, ndipo oimba aulesi adazolowera kutero pa chilichonse. Koma woimba ng'oma waluso amadziwa kuti kukoma kwa gule kumagona pa kutsogola pang'ono ndi kutsalira pang'ono, zimene makina owongola amafafaniza. Ndiponso popeza mauthenga amayenda mondondozana m'chingwe chimodzi, nyimbo ikachuluka manotsi ena ankachedwa, ndipo khutu lakuthwa linkamva.

Vuto lina limakhudza mbali ino ya Africa. Manambala a MIDI adatengera makiyi a limba la ku Ulaya, limene limagawa mtunda wa pakati pa do ndi do mnzake m'magawo 12 ofanana. Koma valimba ya ku Chigwa cha Shire imagawa mtunda womwewo m'magawo asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo bangwe, kalimba ndi mbira amazichuna ndi khutu la mwini wake motsata mwambo wa kwawo. Nyimbo ya makolo ikalowetsedwa m'makiyi a limba lamagetsi popanda kusamala, mawu ena amakankhidwira pamalo posakhala pake. M'chaka cha 1992 adaonjezera lamulo lolola kuchuna noti iliyonse payokha, koma zida zambiri zotsika mtengo sizidalitsate.

Ngakhale zidali choncho, kamvekedwe ka zida zimenezi kadafika m'makutu a anthu a kuno msanga. Nyimbo za ku South Africa za m'zaka za m'ma 1980, za a Brenda Fassie, a Yvonne Chaka Chaka ndi a Chicco Twala, zidadalira kwambiri malimba amagetsi ndi makina a ng'oma. M'chaka cha 1991 makampani adagwirizana mndandanda wotchedwa General MIDI, wopatsa zoimbira 128 nambala zosasintha ndi kupatula njira yakhumi kukhala ya ng'oma, kuti nyimbo yokonzedwa pa chida chimodzi izimveka mofanana pa china. Makiyibodi ambiri amene amatsogolera makwaya m'matchalitchi amatsata mndandanda umenewu, ndipo tinyimbo timene mafoni a m'manja ankalira nato kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tambiri tidali malangizo a MIDI.

Makina akale m'masiku ano

Atari idaleka kupanga makompyuta a mtundu wa ST m'chaka cha 1993, ndipo Commodore idagwa m'chaka cha 1994. Komabe m'maiko ambiri muli anthu amene amasunga makinawa ndi kuwakonza. Ntchito yawo ndi yofuna kuleza mtima. Madisiki akale amafufutika, motero amachotsa chowerengera madisiki n'kuikamo kachipangizo kowerenga USB. Tizipangizo tina tosunga magetsi timauma ndi ukalamba, ndipo timafunika kusinthidwa. Ena atembenuza njira: mmalo moti Commodore 64 izilamula limba, amaika kabokosi monga MSSIAH kuti kiyibodi ya masiku ano izilamula kachipangizo ka SID kaja, kamene mawu ake aukali amakondedwa ndi oimba ena. M'chaka cha 1999 kampani ya Elektron ya ku Sweden idafika pomanga limba lathunthu, lotchedwa SidStation, pa kachipangizo kameneka.

Zonsezi n'zotheka chifukwa pangano la 1983 silidaswedwe. Malamulo adaonjezeredwa, monga lolola MIDI kuyenda m'chingwe cha USB m'chaka cha 1999, koma uthenga wa magawo atatu uja udakhala momwemo. Munthu akatenga Atari ya m'chaka cha 1985 n'kuilumikiza ku limba latsopano lokhala ndi soketi ya timabowo tisanu, ziwirizo zimamvana nthawi yomweyo. Zida zamagetsi zimene zakhala zaka zoposa makumi anayi zikulankhulabe ndi zidzukulu zake n'zowerengeka. Ngakhale MIDI 2.0, imene idavomerezedwa m'chaka cha 2020, idakonzedwa kuti chida chatsopano chikakumana ndi chakale chizibwerera ku chinenero choyamba chija.

M'chaka cha 2013 a Kakehashi ndi a Smith adalandira mphoto ya Technical Grammy chifukwa cha ntchito imeneyi. A Kakehashi adamwalira m'chaka cha 2017 ali ndi zaka 87, ndipo a Smith adatsatira m'chaka cha 2022 ali ndi zaka 72. Sequential Circuits yoyamba ija idatsekedwa m'chaka cha 1987, patangopita zaka zinayi chichitikireni chionetsero cha ku Anaheim, ndipo a Smith sadapeze chuma kuchokera ku MIDI yeniyeniyo. Akadaika mtengo pa chinenerocho, n'kutheka kuti makampani ena akadapeka chawo, ndipo mnyamata wa m'chipinda chakumbuyo sakadakwanitsa kulumikiza zida za makampani atatu ndi kompyuta ya masewera. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Chimene amisiri awiriwo adapereka mwaulere chikusungidwa lero kumbuyo kwa malimba ambirimbiri, kuyambira m'masitudiyo a ku London ndi Johannesburg mpaka m'matchalitchi a m'maboma a kuno.